Moni wa pa Paipi

Zaka makumi atatu ndinkatumiza matelegalamu ku positi, kadontho ndi kamzere tsiku lonse. Atachotsa makinawo ndinkayesa luso langa lapita nawo, mpaka m'nyumba yogundana ndi yanga mutalowa banja latsopano. Mwamunayo anali wogulitsa nyama, dzanja ngati fosholo. Akamapita kumsika ankatsekera mkazi wake ndi loko, foni atalanda kalekale. Khoma lathu ndi lopyapyala, moti mbama iliyonse ndinkaimva.

Ine ndi mkaziyo, mtsikana wamng'ono chabe, tinkalankhulana pa kazenera ka kubafa. Tsiku lina mtsikanayo anati, "Azakhali, mawa amuna anga akhomapo thabwa apa."

"Akhome. Paipi ya madziyi ndi imodzi. Tenga supuni. Ukagogoda ndi kadontho, ukakwecha ndi kamzere. Mizere iwiri, M. Itatu, O. Mzere ndi dontho, N. Madontho awiri, I. Moni. M'mawa uliwonse. Ukangokhala chete ndidziwa kuti zavuta."

Mulungu andikhululukire, mwanayo anali wouma mutu. Pa O ankathamanga, mzere wachitatu n'kuumeza.

"Iwe, ng'ombe bwenzi itaphunzira kale!"

Anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka m'nyumba imeneyo, ndipo ndinamukonda ngati wobala ndekha.

Miyezi iwiri paipi inkalira m'mawa uliwonse, O wake wolumala yemweyo, ine n'kuyankha. Ndiye Lachinayi lina, ndikutsuka mbale, ndinamva mipando ikugwa, kukuwa, chinthu cholemera chikumenya khoma katatu, kenako zii. Ndinathamangira kubafa mtima uli m'mwamba. Patapita kanthawi paipi inalira. Moni wathunthu, mizere ya O itatu yokwana bwino, yolemera.

Wa telegalamu amadziwa dzanja la mnzake monga mudziwira mapazi a mwana wanu pakhonde. Limenelo silinali dzanja lake. Mwamuna wake, galu uja, anakhala akumvetsera, n'kuloweza, kuti ndikhale phee.

Ndinatola hamala n'kukuwira amakanika a kutsidya kwa msewu. "Bwerani, wapha munthu uyu!" Chitseko tinachithyola. Wanyamayo anatuluka kubafa supuni idakali m'manja, malaya ali magazi okhaokha. Anandipatsa chibakera chapakamwa, mano awiri n'kugwera pansi. Ine, nkhalamba yonseyi, ndinamugwetsera hamala pabondo, linalira ngati nkhuni youma. Amakanikawo anamugwera ndi masipanala, ndipo sindinawaletse.

Mtsikanayo anali chogona pansi pa paipi, nkhope yotupa, diso limodzi lotsekeka. Ankapuma. Nditagwira dzanja lake anakuwa. Zala zinayi zinali zothyoka, chilichonse chaloza kwake.

"Wakuchita chiyani, mwanangu?"

"Amafuna ndiwauze mwamuna amene ndimamugogodera." Mawu ankatuluka ndi magazi. "Ndinati ndi azakhali, ndi moni chabe. Akuti moni satenga miyezi iwiri. Chala chimodzi, funso limodzi."

Ndinakhala pansi m'madzi ofiira ndi magazi. Ndine ndinamupatsa supuni ija.

"Ndikhululukire, mwanawe. Ndine ndakupweteketsa."

Anatsegula diso lotsalalo n'kundiyang'ana.

"Musalire, azakhali. Kumenya anayamba musanandiphunzitse. Kubwera munthu ndiye kwayamba lero."