Sikisi-Sikisi pa Bwalo la a Sivaraman

Agogo a Kanakam anali kuyanika malaya a malemu amuna awo pamene anamva ana awo awiri akukwezerana mawu m'khitchini. Mwambo womaliza wa maliro unali utangochitika dzulo lake, achibale a ku Madurai asanapite n'komwe, koma Ilango ndi mlongo wake wamkulu Vasuki anali atayamba kale za tenesi.

A Sivaraman anamwalira ali pampando wawo wautali wa woyimbira masewero, pabwalo la dothi lofiira kuseri kwa nyumba yawo ku Coimbatore. Chaka ndi chaka ankachititsa mpikisano wa atsikana a m'deralo, ndipo wopambana ankamutumiza kusukulu ya tenesi ku Chennai. Malo ankakhala amodzi basi. Tsikulo m'ndime yomaliza munali mdzukulu wawo Thenmozhi, mwana wa Ilango, ndi Farzana, mwana wa telala wa pamsika. Seti yomaliza, chigawo chotsiriza cha masewerowo, itafika magemu sikisi-sikisi, mkuluyo anatsegula pakamwa kuti alengeze, n'kungoweramira kutsogolo. Masewero anathera pomwepo. Tsopano a ku Chennai ankafuna dzina pofika Lachisanu.

"Achemwali, dziko linasintha," Ilango ankatero. "Mipikisano yonse inayi ikuluikulu, ku London, ku Paris, konseko, ikafika sikisi-sikisi amangosewera mapointi teni, wotsogola ndi awiri ndiye wapambana. Ife ndiye ndani?"

"Kuno ndi ku London?" anayankha Vasuki. "Ukufuna mapointi teni chifukwa mwana wako amamenya mpira ngati mfuti, koma akathamanga nthawi yaitali mphumu imamugwira. Bambo ankati sewerani mpaka wina atsogole ndi magemu awiri."

"Lamulo limenelo anthu ena anasewera nalo masiku atatu osatha. Chaka chino bambo ankafuna kusintha."

"Anakuuza kumaloto?"

Kenako onse awiri anatulukira panja.

"Amayi, bambo ankalemba malamulo papepala n'kuika m'thumba la malaya," anatero Vasuki. "Malaya a tsiku lija ali kuti?"

Agogo analoza pachingwe. Anapisa m'thumba lonyowalo n'kutulutsa kampira kotuwa ka pepala losanduka phala. Agogowo sanapite kusukulu, ndipo pepala lililonse kwa iwo linali pepala chabe. Sanaganize zosecha asanachape.

"Basi, umboni palibe," anatero Ilango. "Titsate za dziko."

"Ulipo," anatero Vasuki. "Bambo ankalemba chiyani osawawerengera amayi?"

Zinali zoona. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, a Sivaraman ankawawerengera chilichonse mokweza, iwo akuthira khofi: makalata, mapepala a kuchipatala, ngakhale malamulo a masewero amene iwo ankadana nawo.

"Ine musandilowetsemo," anatero agogo. "Ndinkawauza kuti dzuwa la Meyi si la nkhalamba. Ndinkati bwalo limenelo lidzadya munthu. Ladya. Mukufuna lidyenso wina?"

Analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi chithunzi cha amuna awo chokutidwa ndi nkhata ya maluwa. Mawu a papepala lija ankawakumbukira onse. Ankakumbukiranso Thenmozhi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, milomo itatuwa, akufunafuna mpweya m'manja mwawo. Mapointi teni ndi kanthawi kochepa. Mwana akanapuma bwino, mwinanso n'kupita ku Chennai. Ndani akanadziwa?

Thenmozhi analowa, tsitsi lili lonyowa.

"Wasambanso madzi ozizira? Ndidzayankhula mpaka liti? Pukuta mutuwo, ndipo usaime pamphepo."

"Agogo, agogo aamuna analemba kuti chiyani?"

"Wadya?"

"Agogo."

"Ukaluza usadzandide."

"Ndikapambana ndi bodza, ndidzamuyang'ana bwanji Farzana pamsika?"

Agogo anaitana ana awo aja. Anayankhula maso ali pansi.

"Anati a ku London asinthe zawo, iwo ali ndi a kanema owathamangitsa. Pano palibe akuthamangitsa munthu. Anati mtsikana asataye tsogolo chifukwa cha mipira iwiri yoipa. Magemu awiri. Ndi mmene anawerengera."

"Amayi, mwamulanda mwana Chennai," anatero Ilango, mawu ali otsika.

"Zikanakhala za ine, bwalo lonselo ndikanadzalamo mabiringanya. Koma mwafunsa mawu a bambo anu."

Lachinayi m'mawa Vasuki anakwera pampando wautali uja. Agogo, amene chimangidwireni bwalolo anali asanapondepo, anakhala m'mbali pampando wapulasitiki, mankhwala opopera a mphumu ali m'manja. Kawerengedwe sankakamva. Ankangoyang'ana chifuwa cha mdzukulu wawo.

"Seveni-seveni," analengeza Vasuki. Kenako eyiti-eyiti. Kenako naini-naini.

"Muuzeni akhale pansi, waona mmene akupumira?" agogo ananong'oneza Ilango.

"Amayi, chonde."

Thenmozhi sanagwe, koma miyendo inayamba kuchedwa. Farzana ankabweza mpira uliwonse, uku ndi uku, mosatopa. Anatenga gemu yotsatira, n'kutenganso ina. Bambo ake, atelala aja, anaphimba nkhope ndi kapu yawo.

Atsikanawo anagwirana chanza paukonde. Thenmozhi anabwera kwa agogo ake, napopera mankhwala kawiri, osalira. Ilango anamusisita pamutu, iye akuyang'ana kumbali.

Thenmozhi atawerama kuti atenge chikwama chake, Farzana anali atachinyamula kale. Anachikoleka paphewa pamodzi ndi chake.

"Iwe mwana, ukupita nacho kuti chikwama cha mnzako?" anafunsa agogo mokayikira.

"Kukhomo kwanu, agogo. Pabwalo lino woluza sanyamula chikwama. Aphunzitsi athu a Sivaraman ankatsika pampando n'kunyamula okha. Ine anandinyamulira zaka zitatu, mpaka kushopu kwa bambo."

Agogo anayang'ana mpando wautaliwo kanthawi. Kenako anadzuka, nagwira mkono wa Thenmozhi, n'kumatsatira Farzana pang'onopang'ono.

"Yenda bwino pamwalapo," anauza Farzana. "Walemedwa."