Kapu ya Tiyi pa Paipi ya Mkuwa

Bambo anga anagwira ntchito yokonza mapaipi a madzi mpaka imvi kumutu. Ndiye tsiku limene anandiyendera ku labotale, sanakhale n'komwe pampando. Anatola kapaipi ka mkuwa pa shelefu n'kusuzumira mkati ngati muli khoswe.

"Paipi ya makona anayi? Mumadutsa chiyani umu?"

"Mafunde a wailesi, bambo. A rada yoona mvula."

"Nanga kanthu kakudaka? Katsekatu njira."

"Ndi feraiti, kamwala komva maginito. Sikatseka, kamangochedwetsa mafunde. Ndikalowetsa magetsi mu waya wokulungidwayu, mphamvu ya maginito imasintha, kuchedwako n'kusinthanso. Mapaipi otere akandandalikidwa, iliyonse n'kuchedwa kwake, rada imayang'ana kumanzere kapena kumanja osatembenuza khosi."

"Ngati apongozi anga," anatero. "Ankaona zonse nkhope ili kutsogolo."

Ndinawapangira tiyi n'kubwerera ku vuto langa. Paipi ina, yomwe ndinkayesa, inali yolumikizidwa ku makina oyezera. M'mawa inkachita bwino, masana n'kusokonekera. Ndinali nditasintha mawaya, nditamanganso mabawuti, koma ayi ndithu.

"Iwe, kamzere kako kakuyendatu," anatero bambo.

Ndinayang'ana pa sikirini ya makina oyezerawo. Zoonadi, kamzere kobiriwira kankatsetsereka pang'onopang'ono ngati nkhono.

"Mwagwira chiyani?"

"Ine? Manja anga ali pa mawondo."

Koma kapu yawo inali itatsamira paipiyo, nthunzi ili tolotolo. Ndinaichotsa. Tinadikira, mitu pamodzi, ndipo kamzere kanayamba kubwerera. Ndinkadziwa kuti feraiti sakonda kutentha, koma powerengetsera ndinkati kusinthako n'kochepa. Ndinacheukira pa windo pamene dzuwa la masana limalowera n'kugwera pa tebulo lomwelo.

"Kanthuka kakatentha, kamzere kapita uko," anatero bambo. "Nanga kakazizira?"

Ndinathamangira ku firiji n'kutenga botolo la madzi la abwana. Titaligunditsa ku paipi, kamzere kanalowera mbali inayo. Bambo anawomba m'manja. Kenaka anafuna tiyese chisoti chawo, nsalu yonyowa, ngakhale mpweya wa m'kamwa.

Abwana anatipeza tonse tikuuzira paipi, masaya ali tutumu. Anayang'ana botolo lawo, anayang'ana sikirini, n'kukoka mpando.

"Mdala, tabwezerani kapuyo ndione nanenso."

"Tiyi wazizira uyu," anatero bambo. "Mwana wanga, kateleke wina."