Oyilo wa Galimoto ya Bambo

Bambo atamwalira anatisiyira galimoto imodzi ndi ana aamuna awiri, ndipo pa zitatuzi chanzeru ndi galimotoyo. Ndi ya haibulidi, ija imayendera petulo kwinaku batire, yoti ukailiza siimveka n'komwe.

Alongo angawo anagwirizana zoti aziyendera mosinthana, sabata ino uyu, yamawa uyo. Mkangano unabuka pa oyilo. Achimwene aakulu amati injini imeneyi imamwa oyilo wa kampani yomwe inapanga galimotoyo basi, wokhala ndi chizindikiro chake pachigubu. Mzime wathu amati amenewo ndi matama chabe, oyilo wa m'shopu ya zipangizo ndi yemweyo bola nambala zifanane, ndipo kampaniyo ilibe chitsime cha oyilo kuseri kwa ofesi.

Ndiye tamvani zamanyazi. Aliyense ikakwana sabata yake, ntchito yoyamba inali kukwawira pansi pa galimoto, kukhuthula oyilo wa mnzake, n'kuthira wake. Oyilo woti sanafike ngakhale kumsika. M'galaja munadzaza mabeseni, mpaka langa lochapira linapita komweko. Akatha amailiza, galimoto ili zii monga mwa masiku onse, iye n'kunditembenukira: "Wamva? Ngakhale kutsokomola. Ndi oyilo wanga ameneyo." Injini ikadzuka pamsewu n'kuyamba kulira, ati ndi zotsalira za mnzake.

Ine ndinkangoziseka, mpaka tsiku lomwe kunabwera uthenga woti amayi aakulu, akulu awo a amayi athu, agonekedwa m'chipatala chakutali ndipo abale afulumire. Amayi miyendo imawavuta, basi sangakwere. Ndinawauza amuna awiriwa kuti mawa kukangocha tinyamuke. Ndinaiwala kuti mawalo linali tsiku lopatsirana makiyi.

M'mawa amayi anasamba, anavala, n'kukakhala kumpando wakumbuyo, chikwama pamiyendo. Ine potuluka ndinapeza galimoto ili pa jeki, amayi atapendekeka m'katimo ngati katundu. Pansi pake panatulukira miyendo ya achimwene aakulu, oyilo akuchucha m'beseni.

"Achimwene, mukutani?"

"Ulendo wautali chonchi, muli amayi, ungayende ndi oyilo wa m'shopu? Ndimawakonda amayi ine."

"Ndiye ine ndimadana nawo?" anatero mzime. Anali atatola bawuti yotsekera oyilo n'kuiponya m'thumba la buluku. "Bawutiyi situluka mpaka muvomere kuti tithira wanga."

Ndinati ndiitane takisi, amayi anakana. Ati apita pagalimoto ya malemu amuna awo, ndipo anawa atha posachedwa, ndisawasokoneze.

Dzuwa linakwera. Ndinakalipa, ndinachonderera, ndinawatchula maina omwe sindingawabwereze pano. Pomaliza anagwirizana zothira theka wa kampani, theka wa m'shopu, bawuti n'kubwerera pamalo pake. Ndinati basi tapulumuka. Ayi ndithu. Funso linakhala lakuti ayambe ndani, poti woyambayo akakhala pansi, winayo n'kumukhalira pamutu.

"Wanga sangakhaliridwe ndi oyilo wopanda chizindikiro," anatero achimwene aakulu.

"Ndiye akhale pamwamba," anatero mzime.

"Pamwamba injini imufikira liti?"

Anapangana zothira limodzi, fanelo imodzi, zigubu ziwiri. Aliyense anapendeketsa chake mwamphamvu kuti apitirire mnzake, fanelo inasefukira, oyilo anayenderera pa injini mpaka pansapato zanga. Anaima n'kuyamba kufunsana kuti wotayikayo ndi wa ndani, chifukwa ngati ndi wa kampani ndiye kuti m'katimo mwachuluka wa m'shopu. Achimwene aakulu anagwada, ananyika chala, ananunkhiza. Mzime anatolanso sipanala kuti akhuthule ayambirenso.

Apo foni ya amayi inalira m'chikwama. Ndinawaona pagalasi akuyankha, akumvetsera, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaibweza foniyo m'chikwama, anatseka zipi bwinobwino, n'kukankha chitseko pang'ono.

"Ana inu," anatero, mawu ali pansipansi.

"Tatsala pang'ono, amayi," anayankha onse awiri osacheuka.

"Musathamange, ana anga. Sankhani mofatsa. Akulu anga sakundidikiranso."