Kavalo wa Bwana DC

Dorica anali chokwawa pakapeti, lamba wa chikwama ali m'kamwa ngati chingwe cha kavalo, pamene foni yake inalira patebulo.

Pabalaza pa a Lester ndi mayi Esther, m'nyumba yosanja ku Business Bay, mumzinda wa Dubai, panakongoletsedwa ngati m'nyumba za atsamunda ku Zomba: mipando ya nsungwi, piyano yomwe palibe ankaimba, ndi chipewa cholimba cha bwana DC chopachika pakhoma. Agogo awo a mayi Esther ankakolopa m'nyumba zotere, koma mdzukulu anangotolako kukongola kwake. Kavalo wamatabwa atathyoka mwendo, ana a m'nyumbamo anapeza wina wamoyo, wosafuna kalipentala. Andy ankavala chipewa chija n'kukwera pamsana pa Dorica, mlezi wawo, uku mlongo wake Thelma akukusa ndi mpukutu wa nyuzipepala. Mayi awo ankati anawo akuphunzira mbiri yakale.

Dorica ankapirira, paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chinthu chimodzi chokha ankachisamala ngati dzira: Prisca, mwana wake amene anamusiya ku Chiradzulu atangoleka kuyamwa, ankakhulupirira kuti amayi ake ndi aphunzitsi ku Dubai.

Thelma anathamangira foni ija. Ataona kuti ndi ya vidiyo anayankha, n'kulozetsa kamera kwa mchimwene wake. Dorica anayesa kudzuka, koma Andy anamubaya ndi zidendene m'nthiti.

"Yalla, tiye kavalo. Bwana sanatsike."

Dorica anayang'ana mayi Esther mopempha. Iwo anangoseka, nati asamugwetse mwanayo, masewera atsala pang'ono kutha.

Pafoni panaoneka nkhope ya Prisca, maso ali tong'o. Manyazi anamugwira Dorica mpaka m'mafupa. Analavula lamba uja akufunafuna bodza loti anene. Anadikira kuti mwana afunse ngati sukulu yake ndi imeneyi.

Prisca sanafunse za sukulu. Anayang'anitsitsa mnyamata wachipewayo, amene manja ake anali atakoleka m'khosi mwa amayi ake.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "ameneyo ndiye mwana wanu tsopano? Inetu simunandiberekepo chonchi."

"Prisca, mwanawe, tamvera..."

Thelma anadula foni, n'kuiponya pampando. Kenako anamuuza Dorica mokoma mtima, ngati akumukumbutsa zimene waiwala, kuti kavalo salankhula.