Fodya pa Nsanja ya ku Kasiya

Hudson anadzuka m'mamawa kwambiri. Linali tsiku loti ankhoswe akakambirane za ukwati wake ndi Tiyanjane, mwana wa matenanti a pa esiteti ina ya fodya ku Kasiya. Makolo a mtsikanayo anali ochokera ku Phalombe, ndipo mawu omaliza anali ndi amalume ake, a Rodgers, omwe anatsala kumudzi. Iwowa analonjeza kuyankhula pafoni masana, atakwera pachulu pomwe amapezera netiweki. Mawa lake ankawoloka kukalima ku Mozambiki, osabwerako mpaka atakolola. Kuphonya tsikulo kunali kudikira chaka china.

Ntchito ya Hudson inali yoyang'anira nsanja za foni za dera limenelo. Pa laputopu yake nsanja iliyonse inali ndi kadontho: kobiriwira ngati zonse zili bwino, kachikasu ngati makina akudandaula, kofiira ngati afa. Nsanja ya ku Kasiya inakhala ikuonetsa chikasu sabata yonse, alamu yake ikuti bokosi la makina likutentha. Koma munthu wachikondi ali ndi makutu ngati? Ankangoitontholetsa, n'kumapita kwa telala kukayesa jekete.

Ankhoswe atangokhala pamphasa kwa makolo a Tiyanjane, bambo a mtsikanayo anaimba foni ku Phalombe. Foni inangoti zii. Anaikweza m'mwamba, anaigwedeza ngati botolo la mankhwala, koma ayi ndithu. Hudson, yemwe mwambo unamukhazika kuseri kwa chigafa kuti asamve zokambiranazo, anatsegula laputopu. Kadontho kaja kanali psuu.

Tiyanjane anatulukira atanyamula ndowa, ngati akupita kumjigo.

"Si inu eni ake a netiweki, eti?" anamunong'oneza. "Amalume sachedwa pachulu. Dzuwa likawawotcha atsika."

Hudson anatseka laputopu. Anakwera njinga yamoto ndi jekete yatsopanoyo, n'kudula padambo, matope akuthovukira mpaka m'khosi. Nsanjayo inali pamtunda, tsidya lina la dambolo.

Atafika anaima kukamwa kuli yasa. Bokosi lonse la makina linali litavala fodya. Masamba osokedwa bwinobwino anali lendelende mbali zonse, atatseka timawindo tomwe fani imatulutsira mpweya wotentha.

"Bambo Jonasi, n'chiyani ichi?" Hudson anafunsa mlonda wa pansanjapo.

"Chigafa changa chikudontha, achimwene," anatero a Jonasi mosatekeseka. "Ndiye ndinaona kuti chinthu chanuchi chimapuma mpweya wofunda usana ndi usiku, waulere. Taonani mtundu wake fodyayu. Ngati uchi."

Kunena zoona, fodyayo anali atauma mokongola. Hudson anafuna kukalipa, koma nthawi inali kuti? Awiriwo anayamba kupachula, a Jonasi akudandaula kuti agwire bwino masamba angathetheke. Anatsegula chitseko cha bokosilo, mpweya unawamenya kumaso ngati wa mu uvuni wa njerwa. Hudson anavula jekete ija n'kuyamba kukupizira makina, a Jonasi akukupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Mkwati wathunthu, thukuta kamukamu, kupepesa chitsulo.

Fani inayamba kulira bwino. Hudson analumikiza laputopu, nayatsanso makina. Kufiira kunasanduka chikasu. Anadikira, akupemphera chamumtima. Kenako timizere tosonyeza njira zomwe mafoni amadutsamo tinayamba kubiriwira kamodzikamodzi, ngati chimanga chikumera.

Nthawi yomweyo kamzere kamodzi kanayamba kuphethira, kusonyeza kuti wina akuyankhula.

"Ndi iwowo," anatero Hudson. "Bambo Jonasi, ukwati wanga uli mu kamzere aka."

Laputopu sinena woimba, sinenanso zomwe akukambirana. Mwina anali wogula mbuzi chabe. Koma onse awiri ananjuta pamatope, maso pa kamzereko, osaphethira. Kanayaka, kanayakabe. A Jonasi anati nkhani ikatalika ndiye kuti ikukoma. Hudson anati kapena akukana mwaulemu. Mantha anamugwira zenizeni.

Kenako kanazima.

Kunali chete, fani yokha ikulira. Ndipo kuchokera kutsidya kwa dambo, mphepo inabweretsa nthungululu, poyamba mayi mmodzi, kenako mudzi wonse wa matenanti.

Hudson analumpha, nakumbatira a Jonasi pamodzi ndi fodya wawo yemwe, masamba ouma aja akuthetheka pachifuwa pake. Ulendo uno a Jonasi sanadandaule.