Mabowo a pa Boneti

Mbaliwali, wowotcherera zitsulo, anali atalemba kale mizere ya choko pa boneti ya lole, mizere ifupiifupi yondondozana ngati nthiti za ng'ombe. Gulayinda yodulira inali m'manja mwake pamene chipata cha malata chinalira. Dalaivala wa loleyo, wotchedwa Pang'onopang'ono, atacheuka anaona apongozi ake akulowa, ambulera yakuda ili m'khwapa. Anadziwa kuti mkazi wake ndiye wawatsina khutu mayi ake.

"Ndamva kuti galimoto ya malemu ikuchitidwa opaleshoni," anatero mayiwo. "Ndati ndibwere, odwala sagona m'chipatala popanda wowadikirira."

Lole ija inali yakale, yobiriwira, ya mphuno yaitali. Mwini wake anali apongozi aamuna, amene anamwalira chaka chathachi, ndipo kuyambira pamenepo mkamwini ndiye ankaiyendetsa. Ntchito yake inali yonyamula anapiye ongoswedwa kumene kupita nawo kwa alimi a kuseri kwa phiri. Dzina loti Pang'onopang'ono anamupatsa ndi madalaivala anzake, poti ngakhale wa njinga ankatha kumupitirira iye osakwiya. Koma dzuwa litayamba kuwawa, injini inayamba kutentha pa chitunda, singano ya pa geji n'kumakwera mpaka pofiira. Ndipo anapiye sadikira. Lole ikaima padzuwa, amafa ali m'makatoni.

Pang'onopang'ono anavula chipewa n'kufotokoza kuti akufuna kuboola boneti kuti mpweya wotentha uzituluka. Anati malole ena amabwera ndi mabowo otere kuchokera ku fakitale. Ankalankhula akuyang'ana nsapato zake.

Chimene sananene chinali pamaso pa aliyense. Maliro atatha, apongozi analembetsa chikwangwani cha chitsulo chokhala ndi mawu amene malemu ankanena nthawi zonse asanalize injini: AMBUYE ATSOGOLE. Poti mawuwo anali otsogolera, mayiwo anati malo ake ndi kutsogolo kwenikweni. Anachimanga ndi mabauti pa mphuno ya lole, kuchokera ku nyali iyi kukafika ku nyali inayo, banja lonse litaimirira n'kupemphera. Pamenepo ndi pomwe mpweya umalowera kukaziziritsa madzi a mu redieta. M'miyezi yozizira sizinaoneke. Tsiku lina mkamwini anayesa kuti anene, koma anapeza apongozi akupukuta zilembo zija ndi nsonga ya nsalu yawo, milomo ikugwedezeka, ndipo anangotembenuka n'kubwerera.

Mbaliwali naye anachiona atangosuzumira. Analoza chikwangwanicho ndi chibwano n'kunena kuti munthu wotsekedwa mphuno sumuchiritsa pomumeta tsitsi. Pang'onopang'ono anamupempha kuti angoboola basi, za chikwangwani azisiye.

Tsopano mayiwo anaima pamaso pa wowotchererayo. "Bambo, ndiuzeni ngati munthu wopemphera. Mabowo amenewa amathandiza?"

Mbaliwali anayang'ana dalaivala, kenako anayang'ana gulayinda yake. Anayankha kuti khitchini yopanda zenera imaphika wophika yemwe, ndipo pansi pa boneti n'chimodzimodzi. Mpweya wotentha umafuna potulukira, makamaka galimoto ikamakwawa kapena ikaima. Anati pamenepo mabowo amathandiza ndithu.

"Nanga mvula ikabwera?"

"Walira mvula walira matope, mayi. Madzi nawonso amadziwa khomo."

"Ndiye itsika singanoyo?"

Wowotcherera uja anakanda kumutu n'kunena kuti iye ndi wa zitsulo, za mawa amazidziwa ndi Mwini wake. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasisita boneti ija ndi chikhatho. Utoto wobiriwirawo anapaka ndi malemu, ndi burashi, Loweruka lina pabwalo la nyumba, ndipo m'malo ena mizere ya burashiyo inkaonekabe.

"Chekani," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Gulayinda inalira, moto unathetheka, fungo la utoto wopsa linadzaza bwalo lonse. Mayiwo sanacheuke mpaka phokoso litatha. Potuluka anauza mkamwini wawo kuti mawa apita nawo pa ulendo wa anapiye, akaone ndi maso awo chimene mabala amenewa agula.

M'mawa mwake zinthu zinayamba ndi kuchedwa. Kumalo oswetsera anapiye kunali mzere wa magalimoto, ndipo pamene makatoni amatha kupakiridwa, dzuwa linali litakwera kale. Kumbuyo kwa lole kunali phokoso lokhalokha, timawu tambirimbiri tosokosera ngati ana a Sande sukulu aphunzitsi atatuluka. Pang'onopang'ono anakoka neti pamwamba pa makatoni, anayang'ana madzi a mu redieta, n'kudzaza chigubu china chapadera. Apongozi anakhala kutsogolo, ambulera ili pakati pa mawondo. Asanalize injini anamva mayiwo akunong'ona mawu a malemu aja, iye n'kuvomera kuti ameni.

Pa chigwa zonse zinali bwino. Atayamba kukwera phiri, mpweya unayamba kuvina pamwamba pa boneti, ukutuluka m'mabowo muja ngati pamwamba pa mbaula. Mayiwo analoza ndi chala, nkhope yawo n'kumasukako pang'ono, ndipo anati koma ikupumadi. Mkamwini anangoti inde. Maso ake anali pa singano. Inkakwera mochedwerapo kusiyana ndi masiku onse, koma inkakwerabe.

Pa khona yachiwiri anapeza chilole cha simenti chikukwawa kutsogolo kwawo, utsi wakuda uli tolo. Popitirira panalibe. Mkamwini anatsitsa giya, injini inabuula, singano inadutsa pakati. Anapemphera chamumtima kuti Iye amene anayenda ndi anyamata atatu aja m'ng'anjo ya moto ayendenso ndi injini yokalambayi, ingofika pamwamba basi. Koma mumtima momwemo munali mawu ena omufunsa ngati munthu angapemphe chozizwitsa pa chinthu chimene sipanala ikhoza kukonza.

Singano inakhudza pofiira. Fungo la madzi owira linalowa m'kati, ndipo pansi pa boneti panamveka kugogoda kwachilendo. Akanakakamira, injini ikanapseratu, ndipo lole ya malemu ikanathera pomwepo. Anakhotera pambali n'kuzimitsa.

Malowo anali oipa. Mbali ina kunali khoma la miyala, mbali ina phompho, mtengo wa mthunzi panalibe ngakhale umodzi. Anatsegula boneti ndi chisanza. Redieta inkalira ngati ketulo, ndipo kuitsegula isanazizire kukanakhala kudziwotcha nkhope. Panalibe chochita koma kudikira.

Podikirapo ndi pomwe anazindikira kuti phokoso la kumbuyo likuchepa.

Apongozi nawonso anamva. Ngakhale anali ndi mawondo ovuta, anakwera pa tayala n'kutukula chivundikiro cha katoni imodzi. Anapiye anali atatambasula timapiko, milomo ili yasa, ena atagona chammbali. Mayiwo anatsegula ambulera yawo n'kuikhazika pamwamba pa makatoni, anavula nsalu yapamwamba n'kuiyala pa neti, koma ambulera imodzi ingaphimbe chiyani? Anafunsa kuti adikira mpaka liti. Iye anati pang'ono, injini ikazizira athira madzi n'kunyamuka.

"Ndipo tikafika pamwamba?"

Pang'onopang'ono anayang'ana msewu. Gawo lotsetsereka kwambiri linali lisanafike. Ankadziwa bwino kuti akanyamuka chonchi aimanso asanathe khona zina ziwiri, ndipo pa kuima kwachiwiriko sipadzakhalanso cholira kumbuyoko. Anakumbukira zimene malemu ankakonda kunena, zoti wopha nyani sayang'ana nkhope. Iye anali atayang'ana nkhope chaka chathunthu.

"Sitikafika, mayi."

"Nanga mabowo anu aja?"

"Mabowo akutulutsa mpweya. Koma polowera mpweya tinatseka tokha." Anayenda mpaka kutsogolo kwa lole n'kuima pambali pa chikwangwani, osachikhudza. "Ndi ichi, mayi. Injini ikupuma ndi pakamwa potseka."

Mayiwo anatsika pa tayala paja mosamala. Anabwera n'kuima pamaso pa zilembo zija. Galimoto ina inadutsa ikuimba hutala, fumbi n'kuwakuta onse awiri, koma iwo sanasunthe.

"Munadziwa liti?"

"Kutentha kutangoyamba. Mwinanso kale pang'ono."

"Ndiye dzulo munandiimika kukhoma, ndikumva chitsulo cha amuna anga chikulira, chonsecho mukudziwa kuti nthenda ili pena?"

Iye anati ankaopa kuwapweteka mtima. Anati ankaona mmene ankachipukutira.

"Munaopa misozi yanga, mwaipereka kwa anapiye kuti alire ndiwo," anatero mayiwo, mawu awo ali pansipansi. "Ine ndinaika mwamuna m'manda, bambo. Mukuganiza kuti mabauti anayi angandiphe? Bweretsani sipanala."

Mkamwini anatenga sipanala n'kuyamba kumasula. Mabauti anali atachita dzimbiri ndipo chitsulo chinali chotentha, mwakuti chinamusupula khungu pa chala. Atatu anatuluka. Lachinayi linakana, mpaka mayiwo anagwira chikwangwanicho ndi manja awiri kuti chisagwedezeke, iye n'kukanikiza ndi thupi lonse. Chitachoka, onse anaona zimene zinali kuseri: udzu wouma, fumbi, ziwala zakufa, zonse zitamatirira pa redieta ngati bulangeti. Chiyambire pamene chikwangwani chinamangidwa, panalibe dzanja limene linafikapo. Anazichotsa ndi kamtengo ndi zala, kenako anatsegula chitsekero ndi chisanza n'kuthira madzi pang'onopang'ono, monga mwa dzina lake.

Apongozi anakwera ndi chikwangwani chawo n'kuchigoneka pamiyendo, zilembo zitayang'ana kumwamba. Mkamwini anagwira kiyi n'kudikira mawu aja. Sanabwere msanga. Atabwera, anali ouma, koma anabwera.

Lole inayamba kukwera. Singano inanyamuka, inafika pakati, inapitirira pang'ono. Pa khona yoyamba singano inaima. Pa yachiwiri, pomwe msewu umaimirira ngati makwerero, inagwedezeka koma sinasunthe. Atayandikira pamwamba mayiwo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku imene malemu ankaikonda, ija ya ulendo wa m'chipululu, ndipo potsika mbali inayo, mphepo ikuwomba, timawu tija tinayambiranso kumbuyo, koma osati tonse.

Mlimi wa nkhuku anali akudikira pachipata, atagwira m'chiuno. Iyeyu anali kasitomala wa malemu kuyambira kale. Potsitsa makatoni anapeza kuti a pakati, kumene mphepo sinkafika, anali ndi anapiye ambiri akufa. Mlimiyo ankawatola mmodzimmodzi n'kumawaika m'chidebe. Pang'onopang'ono anatsegula pakamwa kuti apepese, koma apongozi anamutsogolera. Anauza mlimiyo kuti cholakwa ndi cha pakhomo pawo, osati cha msewu, kuti anapiye akufawo adzabwezedwa pa ulendo wotsatira, ndipo kuti lole siidzaimanso pa phiri. Mlimiyo anayang'ana mphuno ya lole, pomwe panatsala mabowo anayi a mabauti ndi utoto wosasuluka, n'kungogwedeza mutu.

Pobwerera mtunda unali wautali. Mkamwini ankadikira chiweruzo. Ankaganiza kuti mwina makiyi akafika kunyumba akapachikidwa pa msomali wina.

Ali pafupi kufika, mayiwo anamuuza kuti adzere kwa Mbaliwali. Anati akawotcherere tizitsulo tophimba pamwamba pa mabowo aja mvula isanabwere. Poti mabala achekedwa kale ndipo akupumitsako injini, akhale, koma asamwetse galimoto madzi.

"Nanga chikwangwani, mayi?"

Anachisisita ndi chikhatho monga anachitira ndi boneti dzulo lake.

"Akachimange pamwamba pa galasi, padenga. Ana a Mulungu aja m'chipululu, mtambo unkawatsogolera uli kumwamba. Sunkawatseka mphuno." Anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Ndipo inu, bambo a adzukulu anga, tsiku lina mukadzaona chinthu, mudzabwere nacho kwa ine. Gulayinda mudzaisiye kwa eni ake."

"Ndamva, mayi."

Mbaliwali atawaona akulowa pachipata, lole ili ndi mphuno yotseguka ndipo mayi atanyamula chikwangwani m'manja, anazimitsa makina ake. Anangopita kukatenga makwerero.