Tayi ya a Hauke

A Hauke anasankha okha tsiku lobwera ku Köln, ndipo anasankha Lachinayi la amayi, tsiku limene chikondwerero cha Karneval chimasefukira m'misewu. Ndinawachonderera pafoni kuti adzabwere mwezi wa Meyi, mzinda uli phee, koma anati tikiti agula kale. Munthu wa kumpoto akagula tikiti, nkhani yatha.

Tinadziwana chaka chatha kuchipatala cholimbitsa mawondo, iwo lamanja, ine lamanzere. Pa Khirisimasi anandilembera kalata yondifunsira ukwati, ine nkhalamba ya zaka 63, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzawayankha asanakwere sitima yobwerera kwawo ku Husum Lachisanu m'mawa. Kuwakonda ndinkawakonda, sindibisa. Koma ndinakhala zaka makumi atatu ndi mwamuna wosadziwa kuseka, mzimu wake uuse mumtendere, ndipo ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso.

Ndinafika pahotelo yawo nditavala ngati njuchi, mapiko kumsana, tinyanga pamutu. Iwo anatsika atavala suti yotuwa, nsapato zili mbee, pakhosi tayi yasilika yabuluu. Mtima wanga unangoti myuu.

"A Hauke, vulani tayiyo."

"Yalakwa chiyani?"

"Lero mkazi aliyense ali ndi sizasi m'chikwama. Akaona tayi amadula, n'kukupsompsonani patsaya, basi. Ngakhale mabwana m'maofesi amadulidwa."

"Ndinawerenga zimenezo," anatero akukonza mfundo yake. "Iyi ndagula sabata yatha ku Hamburg. Sindivula."

Ndinawakokera kumsewu wa masitolo asanatseke, kuti tigule tayi yotchipa yoti idulidwe, yabwinoyo ilowe m'thumba. Anazigwiragwira zonse imodzi imodzi, n'kunena kuti nsalu yake ndi ya makatani. Tinatuluka atagula kabotolo ka mafuta onunkhira ka mlongo wawo ndi ambulera, ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Tchalitchi chachikulu tinachipeza chotseka, monga chimakhalira tsikuli. Iwo anaima pabwalo, khosi gada, kuyang'ana nsanja ziwiri zija mpaka anachita chizungulire, ndipo anandifunsa mafunso a miyala oti ine wobadwira pompano sindinawaganizirepo. Ndinayamba kusangalala. Kenaka leveni koloko inadutsa ndi mphindi khumi ndi imodzi, ng'oma ndi malipenga zinaphulika, mzinda wonse unakuwa mfuu ya chikondwererochi kuti "Alaaf!" ndipo masizasi anatuluka.

Woyamba anali mayi wovala ngati woyendetsa ndege. A Hauke anaika dzanja pachifuwa n'kugwadira pang'ono.

"Pepani mayi, sizitheka."

"Sizitheka? Bambo inu, mwachokera kuti?"

"Ku Husum."

"Zikuonekeratu!"

Pamlatho wa mtsinje wa Rhein anatizungulira atsikana atatu ovala zaupolisi, nawonso a Hauke anawauza chimodzimodzi. Mmodzi anandiyang'ana mondimvera chisoni n'kuti, "Amayi, limbani mtima." Ndinachita manyazi mpaka mapiko anga anandilemera. Kuno kwathu mwamuna wokaniza tayi amaoneka ngati mlendo wobwera ku ukwati atanyamula chakudya chake.

Masana tinakumana ndi Gerda, mnzanga wa paubwana, ali pamzere wogula zitumbuwa za mbatatesi. Chaka chino anavala ngati nkhuku. Sanadikire n'komwe kuti ndiwadziwitse, sizasi inali kale m'manja.

"Alamu, takulandirani! Bweretsani kuno khosilo."

"Pepani mayi, sizitheka."

"Iii, kodi munabadwa nayo? Kapena ndi imene mudzaikidwe nayo m'manda?"

A Hauke anangomwetulira pang'ono, n'kumadya chitumbuwa ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa pompaja. Gerda anandikokera pambali, mafuta ali chuu kukamwa.

"Iwe Marlies, wakatolanso wina ngati malemu uja? Sunatope?"

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, koma mawuwo anandilowa.

Madzulo, pamodzi ndi Gerda, tinalowa mubala lathu la masiku onse, modzaza moti munthu ukakomoka sungagwe. Timatambula ta mowa tinkangobwera tokha. Nyimbo itayamba, aliyense anakolowekana mikono ndi womuyandikira, n'kumapendekera uku ndi uku tikuimba. A Hauke anakoloweka mkono umodzi kwa ine, winawo ayi, ndipo mzere wonse unadukira pa iwo. Pamenepo ndinatsimikiza mtima. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa tsiku lonse ankandigwira dzanja powoloka msewu, ndipo palibe anandichitirapo zimenezo. Koma sindikanatha kukalamba ndi munthu wolondera nsalu dziko lonse likuvina.

"A Hauke, tiyeni panja. Ndikufuna ndikupatseni yankho lanu."

"Dikirani kaye," anakuwa kuti ndimve. "Kodi inuyo sizasi mulibe?"

"Ndili nayo. Bwanji?"

"Ndiye mukudikira chiyani? Amayi khumi ndi anayi ndawakana lero, ndakhala ndikuwerenga. Mkonowu wachita dzanzi. Mkazi yekhayo mumzinda muno amene sanatulutse sizasi ndinu."

Kenaka anawonjezera, akukuwabe.

"Kusitolo kuja ku Hamburg ndinamuuza wogulitsa kuti andipatse yabwino kuposa zonse, ikadulidwe ku Köln. Anandiyesa wamisala. Ndiye inu mumvekere tigule ya makatani! Kodi ndingachoke ku Husum ulendo wonsewu kuti ndidzapsompsonedwe ndi nkhuku?"

Gerda anaseka mpaka mowa unamutulukira m'mphuno. "Andibwezera! Alamu awa ali ndi pakamwa!"

"Nanga bwanji simunanene m'mawa muja?" ndinafunsa, misozi ili pafupi.

"Kwathu zoterezi sitipempha. Timangodikira."

Ndinapisa m'chikwama. Sizasi yanga ndi yakale, yobuntha, yozolowera matayi otchipa, ndipo silika uja anakana. Ndinacheka, ndinakoka, Gerda anagwira kunsonga, bala lonse linayamba kuwomba m'manja motsatira ng'oma. Itaduka, a Hauke anayang'ana kachidutswa kotsala pakhosi pawo, n'kuphulika chiseko chimene sindinachimvepo, chachikulu, chochokera m'mimba, mpaka anagwira tebulo. Mwambo umati patsaya, koma ine sindinapite patsaya.

Tinakolowekananso mikono, ulendo uno yonse iwiri, ndipo iwo ankapendekera kumanja ife tikupita kumanzere, akuimba mokweza nyimbo yoti mawu ake sakuwadziwa.

"Nanga yankho lija?" anandifunsa kukhutu nyimbo itatha. "Mumati tipite panja."

"Panja kukuzizira. Yankho ndi inde. Koma mudziwe kuti chikondwererochi chimatha Lachitatu, ndipo mwamuna wanga sangachoke chili pakati."

Anapisa m'thumba la mkati mwa jekete, n'kutulutsa tikiti ya sitima ya Lachisanu, yopindidwa bwinobwino. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale wake. Kenaka anapuma mozama, n'kuigwira mbali zonse ziwiri patsogolo panga.

"Dulani msanga, Marlies, ndisanaganize."